Guwa la ku Cateme Likudikira Manja a Eni Mudzi



Phunziro la lero laima pa mfundo imodzi imene ena angaiyese yaing'ono. Zinthu zimene timaika m'nyumba ya Mulungu, ndi nyimbo zimene timaimbamo, ziyenera kutuluka m'manja ndi m'kamwa mwa Akhristu a pamalo pomwepo paliponse pamene zingatheke. Mtanda wa paguwa auseme mmisiri wa m'mudzi. Mtsuko wa madzi a ubatizo auumbe mayi wa m'komunidade. Mphasa ya patsogolo pa guwa, dengu la chopereka, nsalu ya pagome la Mawu, zonsezi zikhale ntchito ya anthu amene timawadziwa maina. Ndipo mpingo uziwalipira anthuwo moyenera. Tikudziwa kuti alipo otsutsa, ndipo zifukwa zawo si zachibwana. Tiziyankha chimodzichimodzi, koma tiyambe taona chimene chili pangozi.

Katekisimu wopanda mawu

Mwana amaphunzira chikhulupiriro ndi maso asanayambe kuloweza mayankho a katekisimu. M'matchalitchi ambiri a kumidzi, chimene maso akewo amakumana nacho ndi chithunzi chodulidwa pakalendala yakale, chiboliboli cha pulasitiki chogulidwa mumzinda wa Tete kapena ku Blantyre, maluwa a pulasitiki atafiira ndi fumbi, ndi kiyibodi yodziimbira yokha ng'oma, imene batire ikatha nyimbo imaima pakati. Palibe tchimo pa zinthu zimenezi, ndipo ambiri amene adazipereka adazipereka ndi mtima wonse. Koma zikakhala zokhazo, zimaphunzitsa mwana phunziro limene katekista aliyense angalikane atalimva ndi mawu: kuti choyera chimabwera m'katoni kuchokera kutali, ndipo chimene agogo ake amaumba nchoyenera kukhitchini kokha.

Kuno ku Cateme nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Mudzi uno udakhazikitsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010, pamene mabanja opitirira 700 adasamutsidwa kuchokera ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo kuti apereke malo ku mgodi wa malasha, nadzaikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Nyumba adazipeza zomangidwa kale, za maonekedwe amodzi, zondandalikidwa m'mizere. Kumbuyo kudatsala dongo limene anthu ankalidziwa, mauvuni a njerwa amene ankadyetsa mabanja ambiri, madzi a Revúbuè ndi msika wapafupi. Munthu akhoza kunyamula mbuzi ndi mtondo pagalimoto, koma malo okumba dongo sanyamulika. Luso likasowa pogwira limagona, ndipo likagona zaka zambiri limaikidwa m'manda pamodzi ndi mwini wake, pakuti limakhala m'manja, silikhala m'buku. Ana amene adabadwira kuno akula. Ngati sadzaona manja a akuluakulu akuumba, akusema, akusoka mphasa, ndani adzawauze kuti makolo awo anali amisiri?

Salimo 137 limatiwonetsa Aisraele ali ku Babiloni, atapachika azeze awo m'mitengo, akudzifunsa ngati nkotheka kuimbira Chauta m'dziko lachilendo. Yankho lidadza m'kalata ya mneneri Yeremiya, pa mutu 29: adawalangiza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, ndi kufunira zabwino malo amene aikidwamo. Malo achilendo amasanduka kwathu pamene manja athu asiyapo chizindikiro. Nyumba ya Mulungu ndi malo oyamba amene mudzi wonse ungasiyepo chizindikiro chimenecho pamodzi.

Zimene Malembo Oyera amaphunzitsa

Buku la Genesis limayamba ndi Mulungu wogwira ntchito. Pa mutu 2 akuumba munthu ndi dothi monga mayi aumbira mbiya, ndipo pa mutu 1 akuyang'ana chilichonse chimene wapanga nkuona kuti nchabwino. Tikamati tidalengedwa m'chifaniziro chake, mbali ina ya tanthauzo lake ndi iyi: ifenso timatha kutenga chinthu chopanda maonekedwe nkuchipatsa maonekedwe. Mulungu yekha ndiye amalenga popanda kanthu. Ife timapanga ndi zimene Iye watipatsa. Nchifukwa chake mmisiri woona amadziwa kuthokoza, pakuti dongo, mtengo ndi mawu ake omwe ndi zobwereka.

Pa Eksodo 31 Mulungu akuitana munthu ndi dzina lake, Bezalele wa fuko la Yuda, namudzaza ndi Mzimu wake. Ntchito imene adampatsa sinali yolosera kapena yotsogolera nkhondo. Inali yosula golide, siliva ndi mkuwa, yozokota miyala ndi yosema mitengo, pamodzi ndi mnzake Oholiabu wa fuko la Dani. Mutu 35 ukuwonjezera zinthu ziwiri zofunika kwa ife. Choyamba, akazi aluso adapota thonje ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo nabwera nazo. Chachiwiri, Mulungu adapatsa amisiri awiriwo mphatso yophunzitsa ena. Tikumbukire kumene izi zidachitikira: m'chipululu, pakati pa anthu osamuka, opanda munda, odya mana. Ngakhale zinali choncho, mutu 36 ukunena kuti anthu adapereka mpaka Mose adachita kuwaletsa.

M'Chipangano Chatsopano, anthu a ku Nazarete ankamudziwa Yesu ngati mmisiri wa matabwa, monga tiwerenga pa Marko 6. Zaka zambiri za moyo wake adazithera pakati pa mitengo ndi zida. Paulo ankasoka mahema. Tabita wa ku Yopa atamwalira, akazi amasiye adaonetsa Petro zovala zimene adawasokera, ndipo zovalazo ndizo zidachitira umboni chikhulupiriro chake. Koposa zonse, kalata ya kwa Akolose imatchula Khristu kuti ndiye chifaniziro cha Mulungu wosaoneka. Mulungu amene palibe adamuonapo adatenga nkhope, manja ndi mapazi. Pamenepa ndi pamene pali maziko a luso lonse lachikhristu.

Zimene Mpingo udagamula

M'zaka za m'ma 700 kudabuka mkangano waukulu ku Mpingo wa kummawa, ndipo mafumu ena adalamula kuti zithunzi zoyera ziphwanyidwe. Yohane Woyera wa ku Damasiko adayankha kuti kale Mulungu sankatheka kujambulidwa chifukwa analibe thupi, koma popeza adadzakhala munthu, tingathe kujambula chimene maso a atumwi adaona. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicea, m'chaka cha 787, udatsimikiza chiphunzitsochi, nunena kuti ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa iye amene wajambulidwayo, ndipo kupembedza nkwa Mulungu yekha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amabwereza zimenezi pa ndime 1159 mpaka 1162, ndi pa 2129 mpaka 2132.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatikano udapita patsogolo. Chikalata chake cha za mapemphero a Mpingo, Sacrosanctum Concilium, chimene chidatuluka pa 4 Disembala 1963, chimanena pa ndime 123 kuti Mpingo sudatengepo kajambulidwe kapena kamangidwe ka mtundu umodzi kukhala kakekake, ndipo luso la mitundu yonse lili ndi malo ake. Pa ndime 119 chimalamula kuti nyimbo za makolo a anthu a m'maiko ngati athu zipatsidwe ulemu ndi malo oyenera m'mapemphero. Chaka chotsatira, pa 18 Okutobala 1964, pamene Papa Paulo VI ankalengeza kuti Amaritiri a ku Uganda ndi oyera, m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma mudamveka ng'oma ndi nyimbo zimene adapeka Joseph Kyagambiddwa wa ku Uganda komweko. Mu 1999 Papa Yohane Paulo II adalembera kalata amisiri a dziko lonse, nawauza poyera kuti Mpingo umawafuna. Choncho amene akupempha ng'oma ndi mtanda wosema sakubweretsa zachilendo. Akupempha chimene Mpingo udalola kalekale.

Otsutsa oyamba: ndife osauka

Ena akuti mudzi umene madzi ndi ovuta, nthaka ndi ya miyala ndipo achinyamata alibe ntchito, sungataye ndalama pa zokongoletsa. Mawu amenewa ngolemera, ndipo komunidade imene ingasiye mayi wamasiye akugona ndi njala nkumagula utoto yasokoneza Uthenga Wabwino. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Chiboliboli chogulidwa mumzinda chimatenga ndalama ya chopereka nkuipititsa kutali, pamodzi ndi ya ulendo wa wokagulayo. Mtanda wosemedwa kuno umasiya ndalama yomweyo m'banja la Mkhristu mnzathu, amene mawa adzagula nayo chimanga kwa mnansi wake ndi makope a ana. Kawirikawiri mayi wodziwa kuumba ndi yemwe uja wamasiye amene tikufuna kumuthandiza. Kumugula mtsuko wake pa mtengo woyenera kumamudyetsa ndi kumulemekeza nthawi imodzi, pamene kungomupatsa ufa kumamudyetsa kokha.

Funso lomweli lidafunsidwa ku Betaniya, pamene mayi adathira Yesu mafuta onunkhira a mtengo wa madinari 300, pafupifupi malipiro a chaka chathunthu a munthu waganyu. Odandaula adatchula amphawi, koma Yesu adaikira kumbuyo mayiyo. Sadatero ponyoza amphawi, pakuti moyo wake wonse adaupereka kwa iwo. Adadziwa kuti munthu amene waletsedwa kupereka chinthu chokongola walandidwa kanthu kena ka umunthu wake. Osauka nawonso ali ndi maso. Mayi amene amazira nyumba yake ndi mtsiro nkulemba mizere ya dothi lofiira ndi loyera m'munsi mwa chipupa sadikira kuti ayambe walemera.

Otsutsa achiwiri: kodi si mafano?

Abale athu a mipingo ina amatifunsa funsoli, ndipo Akatolika ena amalifunsa chamumtima, makamaka chinthu chikakhala chosemedwa pa mtengo. Lamulo loletsa kupembedza mafano likadalipo ndipo silidzachoka. Koma Mulungu yemweyo amene adapereka lamulolo adalamulanso, pa Eksodo 25, kuti apange akerubi awiri agolide pamwamba pa Bokosi la Chipangano. Taonaninso kuti mutu 31, wa Bezalele, watsatana ndi mutu 32, wa mwanawang'ombe wagolide. Golide ndi yemweyo, moto ndi womwewo, luso ndi lomwelo. Kusiyana kwake nkwakuti ntchito ya Bezalele inkaloza kwa Mulungu, pamene ya Aroni idakhala pampando wa Mulungu. Njoka yamkuwa imene Mose adapanga molamulidwa ndi Chauta, mfumu Hezekiya adadzaiphwanya pamene anthu adayamba kuifukizira lubani. Phunziro lake nlakuti chithunzi chilichonse, chamtengo kapena chapulasitiki, chingasanduke fano ngati munthu achiyesa chithumwa. Mankhwala ake ndi katekesi wabwino.

Pali mantha ena amene sitiyenera kuwabisa. M'madera a Zóbuè ndi Angónia, munthu akaona nkhope yosemedwa amaganiza za Gule Wamkulu, ndipo akuluakulu akukumbukira mikangano yaitali ya pakati pa mishoni ndi dambwe. Sitikunena kuti chigoba cha nyau chiikidwe paguwa. Chili ndi eni ake, malo ake ndi tanthauzo lake, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira guleyu ngati chuma cha chikhalidwe cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kusakaniza zinthu mosaganiza kumanyoza mbali zonse ziwiri. Koma nsompho siidalumbire kwa wina aliyense. Nsompho imene imasema mpini ndi mtondo ingathenso kusema Mbusa Wabwino. Ndipo pamene pali chikaiko, woweruza alipo: ndime 2503 ya Katekisimu imaika udindowu m'manja mwa Ambuye Episkopi ndi amene iwo awatuma.

Otsutsa achitatu: Yesu sanali wa kuno

Nzoona, ndipo tiziwaphunzitsa ana momveka: Yesu anali Myuda, wobadwa kwa Maria ku Betelehemu, wokulira ku Galileya. Koma nkhope ya tsitsi lofiirira ndi maso obiriwira ya pakalendala nayonso si ya ku Galileya. Idajambulidwa ndi anthu a ku Ulaya amene adamuona Mpulumutsi ngati mmodzi wa iwo, ndipo sadalakwe. Akhristu a ku Ethiopia akhala akumujambula ndi nkhope ya kwawo kwa zaka mazana ambiri. Chithunzi cha Mayi Maria wa ku Guadalupe, cha m'chaka cha 1531, chili ndi nkhope ya anthu a ku Mexico. Chithunzi choyera sichili ngati cha pachitupa cha boma. Ntchito yake ndi kulalika kuti Mawu adakhala munthu chifukwa cha ife. Maria wovala kapulana, atabereka Mwana kumbuyo pa ulendo wothawira ku Ejipito, amalalika kwa mabanja a m'chigawo chino amene adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndi kwa amene adakwezedwa m'magalimoto kubwera ku Cateme, kuti Banja Loyera likuidziwa njira imeneyo.

Mboni zapafupi

Izi zachitikapo kale pakati pa anthu olankhula chinenero chathu. Ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, pa mishoni imene idayamba mu 1902, Bambo Claude Boucher, amene anthu adawapatsa mfunda wakuti Chisale, adayambitsa malo a luso a KuNgoni mu 1976. Adasonkhanitsa anyamata a m'midzi nkuyamba nawo kusema, ndipo lero ntchito za amisiri a ku Mua zili m'matchalitchi a ku Malawi ndi a kunja, mabanja ambiri akudya za nsompho. Pomwepo pali nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, mmene muli zigoba za gule mazanamazana kuti anthu aphunzire. Bambo Boucher adachokera m'chipani cha White Fathers, chomwechija chimene ansembe ake adaphunzitsa pa seminale ya ku Zóbuè.

M'dziko lathu lino muli chitsanzo china chozama. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambiri zidatsala zokwiriridwa m'tchire ndi m'nyumba. Mu 1995 Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglikani, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu ya m'Mozambique, adayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, potsata masomphenya a mneneri Yesaya a malupanga osulidwa kukhala zolimira. Mfutizo zidadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo adaziwotcherera nkupanga mipando, mbalame ndi mitengo. Mpando umene Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, adapanga mu 2001 uli ku British Museum mumzinda wa London. Chitsulo chimene chidapha abale athu chidasanduka ulaliki wa mtendere. Ngati mfuti idatembenuka chotere, miyala ya ku Cateme imene imathyola makasu ingalepherenji kukhala tsinde la guwa?

Chitsanzo chachitatu nchakwathu kwenikweni. Pa gule wa nyanga wa Anyungwe, munthu aliyense amagwira zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi. Amaomba, nkuponyapo liwu lake pakati, uku akuponda ndi mapazi mozungulira bwalo. Palibe mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Nyimbo imamveka pokhapokha aliyense alowe pa nthawi yake ndi kusiyira mnzake mpata. Katekista wofuna kufotokoza zimene Paulo adalembera Akorinto za thupi limodzi la ziwalo zambiri safunika kupita kutali. Makolo athu adaziimba kale ndi zitoliro.

Chenjezo kwa amisiri eni ake

Ufulu umenewu uli ndi mwambo wake. Luso la m'tchalitchi ndi mtumiki wa pemphero. Kwaya imene imasankha nyimbo zovuta kuti mpingo ungomvetsera yalanda anthu pakamwa. Woimba ng'oma amene amaphimba mawu waiwala kuti chimene chikulalikidwa ndi mawuwo. Ovina a chopereka akatalikitsa mpaka wansembe kumadikira paguwa, Misa yasanduka chionetsero. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, adatero akale. Pali nthawi ya nthungululu, monga Miriamu adatsogolera akazi ndi ng'oma atawoloka nyanja, ndipo pali nthawi ya chete, monga Lachisanu Loyera. Wodziwa kuimba azidziwanso kuleka.

Mawu a nyimbo nawonso asamalidwe. Ndime 121 ya chikalata chija imafuna kuti azigwirizana ndi chiphunzitso cha Mpingo, ndipo makamaka azitengedwa m'Malembo ndi m'mapemphero a Misa. Nyimbo yolakwika imaphunzitsa cholakwa kwa zaka makumi, chifukwa anthu amaiwala ulaliki koma nyimbo amapita nayo kumunda ndi kumtondo. Ndipo kunena kuti ndi za Mulungu kusakhale chifukwa chogwirira ntchito mwamphwayi. Mneneri Malaki adadzudzula anthu opereka nsembe nyama zakhungu ndi zotsimphina. Mtanda wopotoka chifukwa cha ulesi, mtsuko wosapsa bwino, nsalu yosokedwa mothamanga, zonsezi ndi nyama zotsimphina. Ndime 124 imapempha kukongola kolemekezeka m'malo mwa kudzionetsera kwa chuma. Chinthu chosavuta, chopangidwa mosamala, nchokwanira.

Tiyambire pati?

Chiyambire msonkhano wa ku Beira wa 1977, Mpingo wa m'Mozambique udasankha kukhala Mpingo wa makomunidade ang'onoang'ono, mmene aliyense ali ndi utumiki wake: katekista, wotsogolera mapemphero, woyendera odwala, woyang'anira maliro. Tikupempha kuti mmisiri awerengedwe pa mndandanda umenewu. Nazi njira zimene komunidade iliyonse ingatsate osadikira thandizo la kunja.

Poyamba, tilembe maina. Ndani amaumba, ndani amasema, ndani amasoka mphasa za bango, ndani amaluka madengu ndi malichero, ndani amadziwa kukunga ng'oma ndi kuiwamba pamoto, ndani amapeka nyimbo? Ambiri mwa iwo ndi okalamba amene sadafunsidwepo kanthu chisamukire.

Kachiwiri, titsate chaka cha Mpingo, chinthu chimodzi pa nyengo. Pa Adventi, ana amene amaumba ng'ombe zadongo kubusa aumbe khola la Khrisimasi, ndi mbuzi za kuno ndi mtengo wa mlambe. Francisko Woyera wa ku Assisi adachita chimodzimodzi ku Greccio mu 1223, ndi udzu, ng'ombe ndi bulu za m'mudzimo. Pa Lenti, tiyambe Njira ya Mtanda. Malo ake ndi 14, ndipo ngati tingathe awiri okha pa chaka, m'zaka 7 idzakhala yatha. Pa Paska, mtsuko wa ubatizo ndi choikapo kandulo. Pa ulendo wa dayosizi wopita ku malo oyera a Mayi Maria ku Zóbuè, amayi asoke mbendera ya komunidade yawo.

Kachitatu, tigwirizane mtengo ntchito isanayambe. Wantchito ayenera kulandira malipiro ake, monga Ambuye adaphunzitsira pa Luka 10. Mametikali akasowa, nkhuku, mbuzi kapena ndowa ya chimanga ya pa chopereka cha masika ndi malipiro ndithu. Mmisiri akafuna kupereka ntchito yake ulere, ikhale mphatso yochokera mumtima mwake, osati yokakamizidwa ndi manyazi.

Kachinayi, pa ntchito iliyonse pakhale achinyamata awiri ophunzira, monga Bezalele adaphunzitsira ena. Mmera mpoyamba. Mtsikana amene wakanda dongo pambali pa agogo ake kwa mwezi umodzi watenga cholowa chimene palibe angamusamutse nacho.

Kachisanu, tisamale chilengedwe. Mitengo ya m'dera lino yatha ndi makala. Mmisiri ayambe wafuna mtengo wogwa kale, atsate malamulo a boma pa mitengo yotetezedwa, ndipo komunidade ibzale mitengo ingapo pa mtengo uliwonse wogwiritsidwa ntchito.

Kachisanu ndi chimodzi, chilichonse chatsopano, chithunzi kapena nyimbo, chionetsedwe kwa Bambo Mfumu ndi akuluakulu a mpingo chisanalowe m'tchalitchi. Nyimbo zovomerezedwa, za m'Cinyanja ndi za m'Cinyungwe, zilembedwe m'kope ndi kujambulidwa pafoni kuti zisatayike. Zithunzi zakale zodalitsidwa zisatayidwe ngati zinyalala. Zipatsidwe malo aulemu, kapena ziperekedwe kwa odwala ndi okalamba osatha kufika ku tchalitchi. Kiyibodi nayo isathamangitsidwe. Ingophunzira kukhala pansi pa mawu a mpingo, pambali pa ng'oma ndi maseche.

Ndipo inu makolo, nyumba yanu ndi tchalitchi choyamba cha ana anu. Timitengo tiwiri tosalazidwa bwino ndi bambo, kansalu kopetedwa ndi mayi, kambale kadongo koikapo kandulo, nzokwanira kupanga malo opemphererapo madzulo. Mwana amene wakula akuona bambo wake akusema mtanda sadzakhulupirira munthu womuuza kuti Chikhristu nchinthu cha alendo.

Pa Misa iliyonse wansembe amanyamula mkate ndi vinyo, nathokoza Mulungu chifukwa cha zipatso za nthaka ndi ntchito ya manja a anthu. Mulungu sadafune kuti tibwere ndi tirigu wosapera kapena mphesa zosafinya. Adafuna kuti manja athu agwirepo kaye, kenaka Iye ayeretse. Chimene chili choona pa mkate chikhalenso choona pa guwa limene mkatewo umaikidwapo, pa mphasa imene timagwadapo ndi pa nyimbo imene timaimba popita kukalandira. Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, tisabalalike msanga. Mlembi atenge kope, ndipo tiyambe ndi dzina la munthu wamkulu koposa onse amene manja ake akadakumbukira dongo. Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, atipempherere ife ndi ntchito za manja athu.